Mphuno ya Amake Thirani

Amake Thirani analibe mwana dzina lake Thirani. Mwana wawo anali mmodzi yekha, bambo wa ndevu zake, wokonza mafoni m'kashopu ka pafupi ndi msika, ndipo dzina lake linali lina. Dzina la Thirani linabadwira kuntchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mayiwa ankatsuka zimbudzi za pa depoti ya mabasi: zitseko zisanu kumbali ya amayi, zisanu kumbali ya abambo, ndi ngalande yokodzeramo imene sinaumepo chiimangireni. Munthu akamatuluka m'menemo akumanga lamba wake, mawu ankamutsata kumbuyo: "Thirani madzi! Inu a jekete inu, bwererani, thirani madzi!" Oyitanira mabasi sachedwa kutcha munthu dzina. Linawakanirira mpaka alendo ena aulemu ankawafunsa kuti kodi Thirani akupeza bwanji masiku ano.

Anthu amati wogwira ntchito yotere nseru zinamuthera kalekale. Limenelo ndi bodza la anthu amene sanagwirepo burashi. Amake Thirani ankanyansidwa tsiku lililonse, ndipo chaka ndi chaka kunyansidwako kunkangokula. Ankanyansidwa ndi abambo a mataye amene amatha kuimika galimoto pakati pa magalimoto awiri osakhudza ina, koma bowo lalikulu ngati beseni n'kuliphonya. Ankanyansidwa ndi amayi a zikwama zonyezimira amene ankasiya thewera la mwana kuseri kwa chitseko, atalipinda bwinobwino ngati mphatso. Ena ankapukutira chala kukhoma, ena mpaka kulembapo zilembo. Paipi ikatsekeka, mayiwa ankapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kutulutsa zimene anthu anagwiritsa ntchito pepala litawathera: matikiti a basi, sokosi imodzi, tsiku lina kolala yathunthu ya malaya. Madzi akasiya kumpopi, anthu sankasiya ayi. Ankangounjika pamwamba pa za anzawo, ntchentche n'kumachita kuimba.

"Munthu ndi thumba," ankatero amake Thirani. "Kunja lositasita, m'kati musafunse."

Chimene chinawasunga pantchitoyo ndi luso limene anawaphunzitsa mkulu wina amene anamupeza pamenepo. Tsiku loyamba mkuluyo anawapeza akusanzira m'ndowa, misozi ili chuchuchu.

"Mphuno itsekeni cham'kati, kumbuyo uku, ngati mukumira m'madzi," anatero mkuluyo. "Mlomo mutsegule pang'ono, mbali imodzi yokha, pongokwana kamtengo ka machesi. Mpweya muziumwa pang'onopang'ono ngati tiyi wotentha. Mukatero mudzakalambira pano."

Anakalambiradi pomwepo. Poyamba ankatseka mphuno polowa, n'kuitsegula poweruka. Kenako ankaiwala kuitsegula mpaka atafika kunyumba. Patapita zaka, mphunoyo inangoiwala ntchito yake. Sankamvanso fungo lililonse, kaya kuntchito, kaya m'minibasi yodzadza ndi nkhwapa, kaya kukhitchini. Iwo ankati ndi mwayi, ndipo wina akatsina mphuno polowa m'chimbudzi chawo ankamuyang'ana monyoza.

Koma pakamwa pamodzi sipangagwire ntchito ziwiri. Munthu wopumira pakamwa akamadya, amayenera kusankha: kutafuna kapena kukhala ndi moyo. Amake Thirani ankadya chiimirire m'kachipinda kosungiramo zokolopera, buledi kudzanja ili, kapu ya tiyi kudzanja ilo, kumeza osatafuna, mpweya ndi chakudya kulowera limodzi. Ali mtsikana mimba inkapirira. Atapitirira zaka makumi asanu, inayamba kubweza chipongwe. Ankatupidwa mpaka lamba wa siketi kuwadula, chilungulira chikuwaotcha pakhosi, ndipo ankageya. Sikunali kugeya kwa munthu wokhuta. Kunkachokera pansi penipeni, kotalika, kokhala ndi mchira, kosatheka kukubisa m'dzanja.

Kuntchito zimenezo zinalibe kanthu, pamenepo pamamveka zoposa apo. Vuto linali kunyumba. Amuna awo atamwalira, mwana wawo anawatenga kuti azikhala naye, iye ndi mkazi wake. M'nyumbamo munali tebulo la mipando inayi. Moyo wawo wonse wa pabanja amake Thirani sanakhalepo ndi tebulo, ankadyera mbale ili pamiyendo. Tsopano anali ndi mpando wawowawo, wa pafupi ndi zenera, ndipo madzulo aliwonse ankakhala moyang'anana ndi mwana wawo, kumuona akudya, kumumva akudandaula za anthu amene amagwetsera mafoni m'madzi n'kumanama kuti angozima okha. Ola limenelo ndi limene ankalikhalira moyo. Tsiku lonse la zonyansa ankalipirira podziwa kuti madzulo kuli mpando uja.

Mpongozi wawo ankagwira ntchito polandirira anthu kwa dokotala wa mano. Anali mkazi waukhondo, wa mawu ofewa, ndipo ulemu wake unali wakuthwa ngati lumo. Sananenepo mawu oipa. Ankangoti amake Thirani akageya, iye n'kuika sipuni pansi mwakachetechete, n'kumayang'ana kukhoma mpaka zitatha. Kenako anayamba kunena mwachifundo.

"Amayi, mwatopa inu. Bwanji ndizikubweretserani chakudya kuchipinda? Muzidya momasuka."

"Ndili bwino pano," ankayankha.

Koma mawuwo ankabwera kawiri pa sabata, kenako katatu, ndipo mwana wawo sankawatsutsa. Ankangoyang'ana m'mbale. Amake Thirani anachita mantha enieni. Anaona kuti kugeyako kukapitirira, mpando uwachoka. Ndiye anapempha tsiku kwa kapitawo n'kupita kuchipatala, iwo amene sanapiteko chibadwire mwana wawo.

Namwino anali mtsikana wa magalasi, wothamanga ndi mzere wautali. Anawagoneka, anawadina pamimba apa ndi apo, n'kufunsa: "Mumadya bwanji, amayi?"

"Ndi pakamwa."

"Ndikutanthauza kuti mumadya mofulumira kapena modekha?"

"Mwana wanga, ine ndimadya ngati ndikuba."

"N'chifukwa chake. M'mimbamu mwangodzaza mpweya. Mapiritsi ndikupatsani, koma chachikulu n'chakuti muzipuma kaye musanadye. Mphindi ziwiri kapena zitatu, mupume bwinobwino. Zalembedwa apa." Anawapatsa kapepala, maso ali kale pa wodwala wina.

Zilembo zake zinali zing'onozing'ono ngati nyerere, ndiye kapepalako kanalowa m'chikwama. Mawu anali atawamva: muzipuma. Kwa sabata yathunthu, nthawi ya nkhomaliro ikakwana, ankayala katoni pakati pa ndowa ndi zokolopera, n'kugona chagada, jombo zili kuphazi, kupuma monga anauzidwira. Akadzuka ankameza buledi wawo mofulumira kuposa kale, poti nthawi inali itapita ndi kugona. Tsiku lachisanu kapitawo anawapeza.

"Amake Thirani, mwatsegula malo ogona alendo?"

"Ndi mankhwala awa, bwana."

"Mankhwala amenewo kamwereni kwanu. Ngati mwatopa nenani, akuifuna ntchitoyi ndi ambiri."

Ambiri ati, anatero amake Thirani mumtima, ambiri amene amathawa tsiku lachiwiri. Koma katoni anaichotsa.

Loweruka madzulo, ali pakati pa mpunga wa nyemba, chinabwera chigeyo chachikulu kuposa zonse. Mpaka madzi a m'jagi anachita ngati agwedezeka. Mpongozi anaika sipuni pansi. Asanatsegule pakamwa kunena za kuchipinda, amake Thirani anasolola kapepala kaja n'kukaponya patebulo.

"Ndikuchitapo kanthu, apongozi. Ndinapita kuchipatala. Akuti ndizipuma, ndipo ndakhala ndikugona masana aliwonse mpaka kufuna kuchotsedwa ntchito."

Mpongozi anawerenga, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka.

"Amayi, si kupuma kogona ayi. Ndi kupuma kwa mpweya. Taonani: dzanja pamimba, mukoke mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke, muwerenge mpaka kanayi. Kenako muutulutse pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka kasanu ndi kamodzi. Muchite kasanu, ndiye muyambe kudya. Thupi limadekha, chakudya chimagayika bwino. Odwala athu amantha timawauza zomwezi."

Amake Thirani anakwinya nkhope. "Nditulutse mpweya patebulo? Pamaso pa mwana wanga? Munthu akatulutsa mpweya pagulu amanamizira galu, inu mukuti ndichite dala, kasanu?"

"Wa pakamwa, amayi," anatero mwana wawo akuseka.

"Wa pakamwa ndiye wabwino? Ndikudziwa kumene umachokera ine. Ndimaona zimene zimakhala m'kati mwa anthu. Tizifuzirana zimenezo pamwamba pa chakudya?"

Mwanayo anali wamtima wabwino, wa anthu aja amene ubwino wawo umabweretsa mavuto. Anapukuta misozi ya kuseka n'kunena kuti, "Chabwino, tizichita tonse atatu, amayi asamachite manyazi. Tizitsinzina ngati tikupemphera, aliyense asaone mnzake."

Mpongozi anangovomera. Nzeru zinali zake zomwe, akanazikana bwanji.

Ndiye unakhala mwambo wa m'nyumbamo. Chakudya chikafika patebulo, anthu atatu akuluakulu ankagwira mimba zawo, kutsinzina, n'kumafwenthera ngati ng'ombe m'khola. Amake Thirani ankadana nazo ndi mtima wonse. Ankamva mphuno ya mwana wawo ikulira kamluzu, ankamva mpweya wofunda wa anthu ukudutsa pamwamba pa mbale yawo, ndipo ankafuna kuivundikira ndi dzanja. Koma ankatsinzina mokhulupirika, chifukwa wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo mpandowo ankaufuna.

Masiku oyamba mphuno inakana. Ankati akakoka, mlomo unkatseguka wokha pambali paja. Anayamba kuugwira ndi zala. Ankayeserera pobwera kuntchito, m'kanjira ka kuseri kwa sukulu, ndiponso m'bafa madzi akutuluka kuti wina asamve. Patatha sabata, mpweya unayamba kudutsa, koma unali mpweya chabe, wopanda kanthu. Mimba yokha ndi imene inayamba kumva. Kugeya kunachepa, ndipo masiku awiri otsatizana mpongozi sanaike sipuni pansi. Amake Thirani anayamba kukhulupirira kuti apambana.

Linali Lamulungu masana, sabata yachitatu. Sanapite kuntchito kuyambira dzulo lake. Anali atasamba m'mawa, kusambanso pobwera kutchalitchi, atavala diresi yochapa. Patebulo panali mpunga, mazira okazinga ndi kabichi. Anagwira mimba, anatsinzina, anakoka.

China chake chinatseguka kumbuyo kwa mphuno, monga imachitira paipi ukaitokosa nthawi yaitali. Anamva anyezi. Anyezi wokazinga, wapsa pang'ono m'mbali, ndi nthunzi ya mpunga. Anali ataiwaliratu kuti chakudya chimayamba kulankhula chisanafike pakamwa. Malovu anadzadza, ndipo anatsala pang'ono kufuula kuti ana inu, ndamva.

Kukoka kwachiwiri kunabweretsa zina. Kansalu kopukutira mbale kanali kosasa, ka masiku atatu osachapa. Mafuta okazingira anali obwereza. Kuchokera pansi pa tebulo kunkabwera masokosi a mwana wawo, ndipo mafuta onunkhira a mpongozi anali ochuluka moti ankakanda pakhosi. Amake Thirani ananyansidwa, koma kunali kunyansidwa kokoma. Ehe, anatero mumtima, ndiye ukhondo wake ndi umenewu? Mayi woika sipuni pansi, kansalu kake kakununkha chonchi? Anakonza kale mawu oti adzanene akamachotsa mbale, mawu aulemu, akuthwa bwino.

Pa kukoka kwachitatu anamva fungo lina pansi pa onsewo. Silinali lamphamvu. Linali lokhazikika, lakale, losafulumira. Pamwamba pake panali mankhwala otsukira, koma mankhwalawo ankangoliphimba monga nsalu yopyapyala. Analizindikira nthawi yomweyo, ngakhale kuti analimva komaliza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Linali fungo la mikodzo yolowerera mu simenti, ndi zina zija.

Anayamba kufufuza kumene linkachokera. Anaganiza za paipi ya kubafa, koma anaitsuka okha Lachisanu. Anaganiza za jombo, koma jombo zinkatsala kuntchito. Anatembenuzira mutu kuzenera, fungo linawatsata. Anautembenuzira kukhomo, linawatsatanso. Pamenepo anaphwanya lamulo n'kutsegula maso.

Mpongozi anali atatsinzina, dzanja lili pamimba, mapewa akukwera ndi kutsika mokongola. Koma mphuno yake sinkagwedezeka. Mlomo wake unali wotseguka pang'ono mbali imodzi, pongokwana kamtengo ka machesi, ndipo ankamwa mpweya pang'onopang'ono. Amake Thirani akanatha kulakwitsa china chilichonse padziko, koma osati chimenecho. Anachiphunzitsa kwa atsikana oposa khumi amene anabwera kudzayesa ntchito. Mpongoziyo ankachichita mosadziwa bwino, nsagwada zili gwa, ngati wongoyamba kumene.

Anayang'ana mwana wawo kuti aone ngati waona chipongwe cha mkazi wake. Kamluzu kaja kanali kutamveka pa kukoka koyamba kokha, kongosonyeza kuti nayenso akuchita nawo. Tsopano kanali zii. Mlomo wake nawo unali wotseguka pambali. Ndipo iye sankavutika ayi. Nkhope yake inali yomasuka, nsagwada zofewa, mpweya ukulowa ndi kutuluka popanda phokoso. Kapumidwe kotere sikaphunzirika chaka chimodzi kapena ziwiri. Munthu amakayamba ali wamng'ono, ali pamiyendo pa mayi ake, popanda womuphunzitsa.

Pang'onopang'ono amake Thirani anachotsa dzanja pamimba n'kuliika pamphuno. Linanunkhira sopo. Anakoka kwambiri, ndipo pansi pa sopoyo linalipo, m'mizere ya chikhatho, m'mbali mwa zikhadabo, m'khungu lenilenilo. Ananunkhiza mkono, ananunkhiza kolala ya diresi yochapa ija. Linali paliponse. Anadzinyansa kuposa mmene ananyansidwirapo ndi munthu aliyense wa pa depoti, chifukwa aja ankasiya zawo n'kumapita, koma iwo ankazisenza kubwera nazo patebulo la mwana wawo madzulo aliwonse. Anakumbukira kuti zenera la pafupi ndi mpando wawo silinatsekedwepo ngakhale m'nyengo yozizira, ndiponso kuti zovala zawo zinali ndi beseni lakelake. Iwo ankayesa ulemu. Ndiye kuti kugeya kunali kongonamizira, ndipo akanachira bwanji, kuchipinda kukanawadikirabe.

"Kasanu," anatero mwana wawo, akutsegula maso. "Tiyeni tidye. Amayi, bwanji? Mwaoneka ngati mwaona njoka."

Amake Thirani anamuyang'ana. Ankafuna kumufunsa kuti unayamba liti, unali ndi zaka zingati, n'chifukwa chiyani sunandiuze. Koma yankho lililonse likanakhala loipa kuposa kusafunsa. Anaimirira, ananyamula mbale yawo ndi sipuni.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kukapuma," anatero.

Anatulukira khomo la kukhitchini n'kukhala pa sitepe ya kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Anadikira. Anamva mpando ukukhwekhwerezeka m'nyumba, mtima n'kudumpha, koma anali mpongozi akukatenga mchere. Kenako anamva masipuni akugunda mbale, ndi mawu a mwana wawo akufotokoza za foni ina. Ankalankhula momasuka, ndi mawu odzadza, amene iwo sanawamvepo patebulo paja. Palibe anatuluka.

Chakudya chinali chikuzizira, ndiye anagwira mimba, anakoka mpweya kasanu monga kapepala kananenera, n'kuyamba kudya. Anatafuna chilichonse mpaka kutha. Anamva dzira, anamva kabichi, anamva mchere pamene unachepa. Atamaliza anakhala chete kudikira chigeyo, ndipo ankachifuna, kuti mwina anganene kuti mankhwalawo ndi abodza n'kubwerera m'nyumba mokalipa. Sichinabwere. Chilungulira sichinabwere. M'mimba munali bata limene sanalimvepo kwa zaka zingapo, ndipo zimenezo zinawanyansa kuposa zonse.

Lolemba anapita kuntchito. Mphuno inakana kutsekekanso bwinobwino, moti anasanza kawiri nthawi ya nkhomaliro isanakwane, oyitanira mabasi n'kumaseka kuti mayiwa ali ndi pakati, Thirani apeza mng'ono wake. Poweruka anagula ndimu zinayi, ndipo kunyumba anadzikhula nazo m'bafa mpaka khungu kuwawa. Atauma ananunkhiza dzanja. Linali fungo lomwe lija, lothira ndimu.

Anatuluka m'bafa atatsimikiza mtima kuti akhala pampando wawo basi, wina afune asafune. Anali mayi wa mwini nyumba, ndipo fungo limenelo ndi limene linamulera mpaka kumera ndevu. Mpongozi anakumana nawo pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja, nkhope yowala.

"M'mimba muli bwanji lero, amayi?"

"Muli bwino."

"Mwaona? Mpweya wa panja ndi mankhwala. Dzulo simunageye n'kamodzi komwe, tinkamvetsera. Koma pa sitepe paja m'pozizira, mungadwale msana."

Amake Thirani anasuzumira m'chipinda chodyera. Patebulo panali mipando itatu, ndipo zenera linali lotseka. Anayang'ana kuseri. Mpando wawo unali panja, pafupi ndi chingwe cha zovala, atauikira kakhushoni ndi kasitulu koikapo mbale.

"Wautulutsa ndani?" anafunsa.

"Mwana wanu," anatero mpongozi. "Ine sindikanautha, ndi wolemera."